Tayala linatisiya pa Khwekhwerere

Mlongo wanga wamng'ono ndi munthu wosamala zinthu. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa mukamva zomwe zinatigwera mukhoza kumuyesa mnyamata wachibwana, pomwe si choncho. Mowa samwa. Ndalama anasunga kwa nthawi yaitali, akudzimana ngakhale nsapato, mpaka anaitanitsa ka Toyota Vitz ka 2008 kuchokera ku Japan. Kanatsikira padoko la Dar es Salaam, iye n'kukakalandira pachipata cha Songwe. Inali galimoto yoyamba m'banja mwathu. Tsiku lomwe kanalowa pakhomo pathu ku Lilongwe amayi anaimba nthungululu, kenako anasanjika manja paboneti n'kupemphera mpaka misozi.

Kanali kagalimoto kofatsa, ka injini ya masilinda 3, kosamwa mafuta. Kankatinyamula popita kutchalitchi, kumaliro, ndiponso kuchipatala pakati pa usiku mwana wanga atatentha thupi. Kanabwera ndi marimu achitsulo a mainchesi 14 okhala ndi zivindikiro zapulasitiki. Dandaulo la mlongo wanga linali limodzi lokha, loti kanali kafupi kwambiri ndi nthaka. Msewu wolowera kwathu ndi wafumbi, mvula ikagwa umakumbika, ndiye kagalimoto kankakhula mimba pamiyala, iye mtima n'kumamupweteka.

Ndiye mnzake wina anabwera kuchokera ku Joni ndi marimu anayi a mainchesi 17, onyezimira, ali kale ndi matayala ake a kaunjika, otambalala. Anamuuza kuti akawaika galimoto ikwera m'mwamba, isiya kukhula pansi, komanso ioneka bwino. Anagwirizana zolipira pang'onopang'ono. Kwa anyamata okonza matayala, rimu yoyamba itangolowa inagunda chitsulo cha sipuling'i mkati, osazungulira. Anyamatawo sanadabwe n'komwe. "Izi n'zazing'ono, bwana. Timangoika masipesa, aliyense amatero." Masipesa ndi timbale tachitsulo tomwe amalowetsa kuseri kwa rimu kuti tayala lituluke kunja pang'ono. Anaika, anamanga manati, analandira ndalama zawo.

Kanakongola, sindinama. Anthu ankacheuka mumsewu. Ana a m'nyumba zoyandikana nafe ankabwera kudzadziyang'anira nkhope m'marimumo, ndipo ine ndemwe ndinajambulitsa nditatsamira pachitseko.

Koma kanasintha khalidwe. Akapinda chiwongolero mpaka kumapeto potuluka pageti, kutsogolo kunkamveka khwee. Pahampu, kumbuyo kunkati gu. Liwiro likafika 80 chiwongolero chinkanjenjemera, manja ake n'kumagwedezeka nacho. Mafuta omwe kale ankamukwanira mlungu wathunthu anayamba kuthera panjira. Sanangokhala ayi. Anabwerera kwa anyamata aja, iwo anati ndi balansi, anamata timtovu m'marimu, kunjenjemera kunachepa koma sikunathe. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi amayi anafunsa:

"Kodi iwe, galimotoyi ikulira chiyani?"

"Ndi matayala achilendowa, amayi. Azolowera."

Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, ndipo ifenso tinakhulupirira.

Pa 15 October, Tsiku la Anakubala, tinakonza zowatengera amayi kunyanja. Chimwalirireni bambo anali asanapitekonso, ndipo ku Monkey Bay kuli azakhali athu omwe ankawaitana chaka ndi chaka. Tinanyamuka kusanatenthe, mlongo wanga pachiwongolero, amayi kutsogolo, ine kumbuyo kwa amayi, mwana wanga wamkazi wa zaka 6 kumbuyo kwa amalume ake. Tisanafike ku Dedza mwana anagona, mutu uli pamiyendo panga. Parodibuloko wapolisi anasuzumira mkati, anatiyang'ana, n'kunena kuti, "Mayi, mwanayo mumudzutse amange lamba. Inunso mumange." Ndinamudzutsa akunyinyirika, ndinamumanga, ndinamanganso wanga. Bambo ameneyo ndinamuona kwa mphindi imodzi yokha, koma ndimamupempherera m'mawa uliwonse.

Pa Bembeke tinaima. Ndani amadutsa pamenepo osagula mbatata ya kachewere? Amayi anati sangakafike kwa alamu awo chimanjamanja. Tinagula thumba lathunthu, kabichi, tomato, anyezi, zonse n'kuunjika kubuti pamwamba pa zikwama. Kagalimoto kanakhala pansi kumbuyo. Kuyambira pamenepo bampu iliyonse tinkamva tayala likukhuza, ndipo fungo la labala wopserera linkalowa pazenera.

Pa Masasa tinasiya msewu wa M1 n'kukhotera kumanzere, kulowa msewu wotsikira ku Golomoti. Amene munadutsapo pa Khwekhwerere mukudziwa. Msewu umatsika phiri mokhotakhota, kona ikatha ina yayamba kale, mbali ina phiri, mbali ina phompho, makutu n'kumatseka. M'mbali mwake muli anthu osema timagalimoto tamatabwa, tindege ndi tinjinga, atatiyalika kuti odutsa aone. Mwana anayamba kulirira kamodzi. "Pobwerera, mwanawe," anatero amalume ake. Amayi anali akuloza kutsogolo, kutali mu utsi wa October, akuti akuona nyanja. Anayamba kuimba nyimbo ya kwaya yawo chapansipansi.

Mlongo wanga sankathamanga. Ndikunena izi pamaso pa Mulungu. Ankaponda mabuleki kona iliyonse, manja onse awiri ali pachiwongolero.

Kenako pansi pa mapazi a amayi panayamba kugogoda. Kho. Kho. Kho. Amayi anasiya kuimba. Kugogoda kunafulumira. "Ndiima pakangopezeka poima," anatero mlongo wanga, mawu atasintha. Poima panalibe. Kutsogolo kunali kona yokhotera kumanja. Anaponda buleki.

Thwa!

Galimoto inagwada kutsogolo. Chitsulo chinayamba kukala phula. Moto unathetheka pazenera langa. Mwana anakuwa, "Amalume, tayala!" Ndinaliona ndi maso angawa. Tayala lathu. Likuthamanga lokha patsogolo pathu, likudumphadumpha, likunyezimira padzuwa. Linagunda phiri. Linabwerera. Linawoloka msewu. Linasowa kuphompho.

Amayi anati, "Yesu!" Kamodzi kokha. Mlongo wanga ankalimbana ndi chiwongolero, koma galimoto sinkamumveranso. Inakokera kumanzere. Ngalande. Gubudu! Dziko linatembenuka. Galasi langa linaphulika. Mkono wanga unali pansi, pamiyala, galimoto ikuukoka. Chinthu cholemera chinandimenya paphewa kuchokera kumbuyo. Ndinamva fupa likuti thyo mkati mwanga. Fumbi m'kamwa. Kenako zii.

Sindinakomoke. Galimoto inagona chammbali, mbali ya ine ndi amayi ili pansi. Mbatata zinali paliponse, pachifuwa panga, m'khosi, kumapazi. China chofunda chinkandidonthera pamphumi. Nditakweza maso ndinaona mwana wanga ali pamwamba panga, lamba atamugwira pamimba ndi pachifuwa, timiyendo tili lendelende, maso ali tong'o, magazi akutuluka m'kamwa. Sankalira. Abale anga, mwana wosalira pangozi amaumitsa thupi. Ndinamuitana dzina. Ndinamuitananso. Ndinayesa kukweza mkono kuti ndimugwire. Mkono unakana. Kenako anatsegula pakamwa n'kulira kwambiri, "Amama!" Kulira kumeneko ndi komwe kunandibwezera mpweya.

Injini inali ikulirabe. Fungo la petulo linayamba kudzaza. Amayi anali chete, mutu utatsamira pomwe panali zenera, duku litagwa. "Amayi! Amayi!" Zii. Mlongo wanga ankalendewera pampando wake, akungobwereza kuti, "Ndapha amayi, ndapha amayi."

Oyamba kufika anali osema aja. Ndinamva mapazi akuthamanga paphula, mawu ambirimbiri, kenako nkhope pazenera lam'mwamba. Bambo wina wachikulire anakalipa: "Iwe, zimitsa injini! Pota kiyi!" Mlongo wanga anapota ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali litathyoka. "Wina asayerekeze kusuta fodya pano!" Anyamata awiri anakwera pamwamba, anatsegula chitseko chakumbuyo, wina n'kuchigwira. Mmodzi analowetsa theka la thupi, anakumbatira mwana, mnzake n'kudula lamba ndi mpeni wosemera. Anam'tulutsa. Kunja mayi wina anafuula, "Wangodziluma lilime! Ali bwino! Mayi ake amve, ali bwino!" Ndinamva.

Ine ananditulutsira kubuti, atachotsa thumba ndi zikwama. Ululu wake unandisanzitsa pamapazi a munthu yemwe anandinyamula, koma iye sanasunthe, sanandisiye. Mkono wanga wamanzere khungu linali litasupuka kuyambira pachigongono mpaka kudzanja, timiyala ndi magalasi zili mkati. Mayi wina yemwe anali ndi mtolo wa nkhuni anautula, anamasula chitenje chake chapamwamba, chatsopano ndithu, anandikulunga nacho mkono, n'kundikhazika pamthunzi mutu wanga uli pachifuwa pake. Ankamveka fungo la utsi ndi thukuta. Ankangoti, "Pepani, pepani, Mulungu alipo."

Amayi ndiwo anavuta. Ena ankafuna kuimika galimoto iwo ali momwemo, ena ankafuna kuwakokera pagalasi lakutsogolo. Apa m'pomwe inaima minibasi yochokera ku Golomoti, n'kutsikamo mtsikana yemwe anati ndi namwino, ali patchuthi. Anagwada pamagalasi osweka, analowetsa dzanja n'kuwagwira pakhosi, kenako anatembenuka: "Akupuma. Musawakoke, musawapinde khosi. Pezani thabwa." Osema aja anathamanga n'kubwera ndi chitseko cha kanyumba komwe amasungira katundu wawo. Anachotsa galasi lonse lakutsogolo ndi manja okulunga m'malaya, namwino atagwira mutu wa amayi, amuna anayi n'kuwasuntha pang'onopang'ono mpaka pachitseko. Ali pamenepo anabuula. Anatsegula maso. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mwana ali kuti?"

Mlongo wanga atamva mawu a amayi anadzigwetsa paphula lotentha n'kulira mokweza, anthu onse akuona. Bambo wachikulire uja anam'gwira paphewa. "Basi, mwana wanga. Mayi ako ali moyo. Dzuka, mkono wako watupa."

Nditakhala pamthunzi paja ndinayang'ana tsidya lina la msewu. Kuchokera pomwe galimoto inagona kukafika pomwe nthaka imathera panali mtunda woti mwana akhoza kuponyapo mwala. Kupitirira apo, nsonga za mitengo zinkaoneka zili pansi. Tayala lomwe linachoka linali la mbali ya phiri. Likanakhala la mbali inayo galimoto ikanakokera kuphompho, ndipo nkhaniyi mukanaimva kwa anthu ena. Thupi linayamba kunjenjemera, mano kugundana, dzuwa la October lili paliwombo.

Anatinyamula ndi bambo wina wa pikiapu yemwe ankapita kunyanja kukapikula nsomba. Amayi anagona pachitseko chija pakati pa madengu opanda kanthu, namwino atawagwirabe mutu, minibasi yake itamusiya. Bamboyo anasiya ulendo wake, anatsika nafe mpaka ku Golomoti n'kukhotera kuchipatala cha mishoni. Ndalama ya mafuta anakana. Timamva nkhani za anthu omwe pangozi amayamba ndi kupisa m'matumba a ovulala, koma ife sitinasowe ngakhale kandalama kachitsulo. Madzulo mnyamata wina anafika pakabaza ndi chikwama cha amayi, mafoni athu, magalasi a amayi owerengera ndi nsapato imodzi ya mwana. Anati mbatata azitola, azibwezera m'thumba, alisoka, likutidikira.

Kuchipatala anandichotsa timiyala m'mkono kamodzikamodzi ndi kachitsulo kotsinira, ine ndikuluma chitenje cha mayi uja. Fupa la paphewa linali litathyoka, ndipo chomwe chinandimenya linali thumba la mbatata lomwe linauluka kuchokera kubuti. Amayi anathyoka nthiti, anasokedwa pamphumi. Mlongo wanga anam'manga chikhakha. Mwana anatupa lilime, lamba anamusiyira mzere wakuda pachifuwa, basi. Dzuwa likulowa azakhali anafika kuchokera ku Monkey Bay, maso atafiira, atanyamula chambo chomwe anatiphikira kuti tikadye masana. Palibe anakwanitsa kudya. Anachigawira anthu a m'wodi.

Mlongo wanga anaima pakhomo la wodi ya amayi, osalowa. Amayi anamuona. Kupuma kunkawapweteka, mawu ankatuluka amodziamodzi. "Iwe, bwera kuno." Anabwera, anagwada pambali pa bedi. "Unandinyamula kuti ndikaone nyanja. Ndamva zomwe umanena m'galimoto muja. Ndisadzazimvenso." Anamusisita mutu mpaka namwino anabwera kudzamutulutsa.

Usiku umenewo ndinagona ndi mwana bedi limodzi, dzanja langa labwino lili pamsana pake, ndikumvetsera kupuma kwake mpaka kunacha. Ndikangotseka maso tayala lija linkabwera. Mawa lake anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe kuti amayi akawajambule mutu ndi khosi. Ndisanakwere ambulansi ndinam'funsa dalaivala njira yomwe adzere, ndipo atati adzera ku Salima ndinam'gwira dzanja n'kumuthokoza, iye n'kudabwa. Zithunzi za amayi zinatuluka bwino. Mutu unali bwino, khosi linali bwino.

Galimoto anakaikoka n'kukaisiya kwa bambo wina wa kumpingo kwathu, makaniko wakale yemwe anakalambira pagalimoto za boma. Titayamba kupezako bwino anatiitana tonse awiri. Ine sindinkafuna kukaiona, koma anati, "Bwera, mwana wanga. Unali momwemo, uyenera kudziwa chomwe chinachitika."

Anatiikira m'dzanja tizidutswa ta mabawuti. Tayala la Vitz limagwiridwa ndi mabawuti anayi okha, onenepa mamilimita 12. Awiri anali ataduka, ndipo podukapo mbali ina inali yakuda ndi dzimbiri, mbali ina yoyera mbee. "Chakudachi ndi mng'alu wakale," anatero. "Anayamba kuthyoka kalekale, mukuyenda nawo kutchalitchi. Choyerachi ndi chomwe chinatsala, ndi chomwe chinaduka paphiri paja." Awiri enawo sanaduke, koma mizere yomwe nati imagwira inali itapereseka, manati atavuka. Ndinayang'ana tizitsulo timeneto m'dzanja langa. Tinali tochepa kuposa chala changa.

Kenako anatitengera kutayala lakumanja lomwe linatsala. Anamasula nati imodzi n'kumuuza mlongo wanga kuti aibwezere ndi zala akuwerenga. Inazungulira katatu ndi theka, basi yafika. "Pabawuti yotere nati iyenera kuzungulira ka 8 kapena kuposa, kuti igwire mamilimita 12. Sipesa inadya utali wa bawuti." Anatisonyezanso bowo lapakati pa rimu. Pa Vitz, mlomo wachitsulo pomwe rimu imakhala ndi wa mamilimita 54, ndipo rimu yake yeniyeni imalowa ndendende n'kukhazikika pakatikati. Marimu a ku Joni aja bowo lake linali la 73. Amafuna timphete todzaza mpatawo, koma munalibe, ndiponso sipesa inaphimba mlomowo. Choncho tayala silinkakhala pakati penipeni. Ndiko kunjenjemera kwa chiwongolero kuja, komwe timtovu sitikanathetsa, ndipo kunjenjemera kumeneko kunkakhwefula manati tsiku ndi tsiku.

Anatsegula chitseko n'kutisonyeza kapepala komata pamphuthu, komwe tinkakadutsa polowa ndi potuluka. Panalembedwa 165/70R14. Pamatayala a ku Joni panalembedwa 215/45R17. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, ndiye kuti linaonjezera masentimita 5, n'chifukwa chake linkagunda sipuling'i ndi kukhuza madigadi. Yachiwiri imanena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi kutambalala kwake. Khomalo likafupika, labala wolandira mabampu amachepa, ndipo nkhonya ya dzenje lililonse imapita kurimu ndi kumabawuti. Kutalika kwa tayala lonse kunachoka pa mamilimita 587 kufika 625. Zonse zija, galimoto inakwera m'mwamba ndi masentimita awiri okha. Koma singano ikaloza 80, galimoto inkathamanga momwe kale inkathamangira singano ili pa 85, ndipo mabuleki ang'onoang'ono opangidwira tayala lopepuka ankalimbana ndi tayala lalitali, lolemera. "Ukafuna kumasula nati yolimba umaonjezera paipi kusipanala," anatero. "Tayala lalikulu lotulutsidwa kunja ndi paipi imeneyo. Limapotokola mabawuti kona iliyonse."

Atatifikitsa kumbuyo miyendo yanga inafooka. Tayala la mbali yomwe anakhala mwana wanga linali litachekedwa ndi mlomo wa madigadi kuzungulira khoma lonse, ulusi ukuoneka. Nalonso linangotsala pang'ono kuphulika. Pambali pake anatisonyeza manambala anayi omwe amanena mlungu ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Linali litapitirira zaka 10.

Bamboyo sananene kuti kusintha marimu n'kulakwa. Anati wofuna akhoza kukweza inchi imodzi, nthawi zina ziwiri, bola kutalika kwa tayala lonse kusasiyane ndi koyamba kuposa 3 pa 100 iliyonse, ndipo rimu ikhale yogwirizana ndi galimotoyo, yosafuna sipesa yodya bawuti. Manati akhale a mtundu woyenera rimuyo, amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, yomwe pagalimoto iyi ndi 103 Nm, kenako ayesedwenso mukayenda makilomita 50 kapena 100. Anyamata aja anamanga podumphira pasipanala ndi phazi, ndipo bawuti yokokedwa chotero imayamba kufooka tsiku lomwelo.

Mlongo wanga anamvetsera zonsezi ali chilili, chikhakha chili pachifuwa. Pomaliza anafunsa funso limodzi. "Ndikanaima pa Bembeke n'kuyesa manati, bambo, ndikanaziona?" Bamboyo anakhala chete kaye. "Mwina ukanapeza ena atakhwefuka. Ukanamanga n'kupitirira. Mng'alu uja sukanauona." Kaya ananena pofuna kum'tonthoza kaya ayi, usiku umenewo mlongo wanga anadya nsima koyamba popanda wom'kakamiza.

Anyamata okonza matayala aja sindiwasungira chidani. Ntchito anaiphunzira poonerera anzawo, ndipo amachita zomwe amaona kuti zikuyenda. Koma mtima wanga umawawabe, chifukwa mlongo wanga atapita kukawasonyeza mabawuti aja anam'yankha kuti, "Pepani bwana, imeneyo ndi ngozi chabe," masipesa ena ali lende pamsomali kumbuyo kwawo, akudikira galimoto ina.

Matayala enieni a kagalimotoko, anayi onse, ali bwinobwino m'chipinda chosungiramo chimanga, pomwe anawaunjika tsiku lomwe anaika marimu. Galimoto inatheratu. Inshuwalansi yake inali yongolipira anthu ena osati galimoto yako, ndiye tabwerera kuminibasi, ndipo palibe amene akudandaula. Amayi akamaseka amagwirabe nthiti. Ine phewa limawawa kukazizira, ndipo ndikamva chitsulo chikukhuzika pasimenti, ngakhale fosholo ya omanga nyumba, ndimakhala pansi pomwepo mpaka mtima utabwerera m'malo. Mwana kwa kanthawi ankadzuka usiku akukuwa za tayala. Pano zachepa. Akakwera galimoto iliyonse amafufuza lamba yekha, ndipo akaona kuti palibe amandiyang'ana.

Amayi atachira anaumirira kuti tikathokoze anthu a pa Khwekhwerere. Anapita ndi mlongo wanga ndi abusa, atanyamula shuga, sopo, mchere, chitenje chatsopano cha mayi uja, komanso chitseko china m'malo mwa chomwe chinatsala kuchipatala. Ine mtima sunalole kuti ndiuonenso msewuwo. Anakawapeza osema aja ali pamalo pomwepo. Mayi wa nkhuni anachita kukamuitana kumunda, ndipo akuti atawaona amayi akuyenda okha anavina pamsewu. Bambo wachikulire uja ndalama anakana. Amayi atamuuza kuti tsiku lija mwana ankalirira kagalimoto kamatabwa, anasankha kamodzi kokongola n'kutumiza.

Pafupi ndi kwathu pali mnyamata, mwana wa anzanga a kumpingo, yemwe wagula Daihatsu Mira, kagalimoto ka 660cc, kakang'ono kuposa kathu kaja. Posachedwapa ndinakaona kataima pageti pawo, marimu akuluakulu atatulukira kunja kwa madigadi. Ndinabwerera m'nyumba, ndinakhala pansi, mtima ukugunda. Kenako ndinatuluka n'kukagogoda. Ndinapinda mkono wa bulauzi n'kumusonyeza zipsera. Ndinamufotokozera zonse zomwe ndakuuzani inuzi. Anamvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo.

"Ndamva, anti. Koma anga anandiikira anthu odziwa."

Ndinam'pempha kuti angomasula nati imodzi, aibwezere akuwerenga. Anati sipanala yake ili kwa mnzake, aona mwezi ukatha. Amayi ake andiuza kuti akukonza ulendo wa kunyanja pa Khirisimasi ndi azing'ono ake, ndipo adzadzera ku Golomoti. Ndam'fotokozera mlongo wanga. Wati Loweruka m'mawa apita kumeneko ndi jeki, sipanala, ndi tizidutswa ta mabawuti tija, poti anatisunga. Ine ndipita naye.